Kodi timu ya baseball ipereke katswiri wake woponya mpira posinthana ndi achinyamata? Mafunso ndi mayankho

Mwezi wa Julayi ukamapita kumapeto, komanso mu Disembala masewero atatsekedwa, mkangano umodzimodziwo umabuka pakati pa otsatira baseball ku America. Timu ina yomwe zinthu sizikuiyendera imakhala ndi woponya mpira mmodzi woopsa, ndipo matimu amene akusaka chikho amayamba kuimba mafoni. Ena mwa ochemerera amati aperekedwe msanga mtengo wake usanagwe. Ena amati timu yopereka katswiri wake yanyoza anthu amene amagula matikiti. M'munsimu muli mafunso amene amabwera kawirikawiri pa nkhaniyi, ndipo pamene ndili ndi mbali ndanena poyera.

Kodi kusinthanitsaku n'kofanana ndi kugula wosewera mu mpira wamiyendo?

Ayi. Mu mpira wamiyendo timu ikafuna wosewera imapereka ndalama kwa eni ake, kenako n'kukambirana naye malipiro atsopano. Mu Major League Baseball, ligi ya matimu 30, wosewera amasinthidwa ndi osewera anzake, ndipo kontirakiti yake imapita naye monga momwe ilili. Ndalama zimalowapo nthawi zina, koma zimakhala zongowonjezera, makamaka zothandiza kulipira malipiro a munthu wopitayo.

Timu iliyonse ili ndi matimu ang'onoang'ono pansi pake m'magawo a Single-A, High-A, Double-A ndi Triple-A. Kumeneko n'kumene kumakulira anyamata amene amawatchula kuti ma prospect, omwe akuoneka kuti ali ndi luso koma sanayesedwe mu ligi yaikulu. Timu yofuna chikho chaka chino imalipira ndi anyamata amenewa.

Nanga timu ingafune bwanji kutaya munthu amene ndiye mzati wake?

Gwero lake ndi lamulo la zaka 6. Wosewera akalowa mu ligi yaikulu amakhala m'manja mwa timu yake kwa zaka 6. Pa zaka 3 zoyambirira ambiri amalandira malipiro otsikitsitsa, amene mu 2024 anali madola 740,000 pa chaka. Pa zaka 3 zotsatira malipiro amakwera chifukwa wosewera amakhala ndi ufulu wokadandaula kwa oweruza apadera ngati sanagwirizane ndi timu. Zaka 6 zikakwana amakhala mfulu, amapita kulikonse kumene kwatuluka ndalama zambiri. Ufulu umenewu unayamba m'ma 1970, pambuyo pa mlandu wa Curt Flood amene anakana kusamutsidwa mu 1969, ndi chigamulo cha mu 1975 chokhudza Andy Messersmith ndi Dave McNally.

Tsono taganizani timu ya mumzinda waung'ono imene katswiri wake watsala ndi chaka chimodzi kapena ziwiri. Ikudziwa kuti New York kapena Los Angeles adzaiposa pa ndalama, pakuti mu baseball mulibe malire okhwima a malipiro, muli msonkho wokha umene matimu owononga kwambiri amalipira. Ikamusunga mpaka kumapeto adzachoka, iyo n'kutsala ndi kamwayi kamodzi kowonjezera posankha osewera atsopano. Ikamupereka lero ilandira anyamata atatu kapena anayi, aliyense ali ndi zaka zake 6 zotsika mtengo. Masamu ake ndi amenewo, ndipo si opusa ayi.

Kodi woponya mmodzi amasintha zinthu kufika pati?

Pa sizoni yonse, mocheperapo kuposa momwe mtima wa wochemerera umaganizira. Timu imasewera masewero 162, ndipo oponya oyambitsa gemu amasinthana asanu, kotero katswiri amayambitsa masewero 32 kapena 33 basi. Owerengera amati woponya wapamwamba zedi amawonjezera zipambano 5, 6 kapena 7 pa sizoni poyerekeza ndi munthu wamba amene angalowe m'malo mwake. Timu yopambana masewero 70 ikakhala naye kapena ikamutaya imakhalabe kunja kwa mpikisano. Félix Hernández anatenga mphotho ya Cy Young, ya woponya wabwino koposa, mu 2010 atapambana masewero 13 okha n'kugonja 12, chifukwa anzake a ku Seattle sankamenya mpira. Anasewera kumeneko kuyambira 2005 mpaka 2019 ndipo sanaponyepo ngakhale kamodzi mu ndime ya chipulula.

Mu Okutobala, mwezi wa ndime ya chipulula, zinthu zimatembenuka. Ndime ya chipulula imakhala ya masewero ochepa, pali masiku opuma, ndipo katswiri amatha kuponya kawiri pa masewero 5. Munthu yemweyo amene phindu lake ndi lochepa ku timu yofooka amakhala wamtengo wapatali ku timu imene yatsala pang'ono kufika pa chikho. Kusiyana kumeneku ndiye kumachititsa kuti msika ukhalepo.

Kodi pali chitsanzo chimodzi chimene tingachitsate kuyambira pachiyambi mpaka pamapeto?

Chilipo, ndipo ndi cha Chris Sale. Pa 6 Disembala 2016, Chicago White Sox inamupereka ku Boston Red Sox. Sale anali ndi zaka 27, wamanzere, wamtali ndi wowonda, woponya mpira mochokera m'mbali moti omenya amanzere ankauona ngati ukuchokera kumbuyo kwawo. Anali atasankhidwa m'gulu la All-Star, la osewera opambana a chaka chimenecho, zaka 5 zotsatizana. Chimene chinakweza mtengo wake koposa ndi kontirakiti: anali atatsala ndi zaka 3 pa ndalama zokwana pafupifupi madola 38 miliyoni zonse pamodzi, zochepa kwambiri kwa munthu wa luso lake.

White Sox inali itamaliza 2016 ndi zipambano 78 ndi zigonjetso 84, ndipo inali isanalowe mu ndime ya chipulula kuyambira 2008. Ubale wa Sale ndi akuluakulu a timu unali utasokonekera. Mu Julayi chaka chomwecho anadula ndi kuwononga yunifomu zachikale zimene timu inafuna kuti avale pa tsiku lake loponya, ponena kuti zinkamusokoneza, ndipo anamuimitsa masiku 5. Rick Hahn, amene ankayendetsa za osewera, anaona kuti timu yakakamira pakatikati ndipo anasankha kugwetsa n'kumanganso.

Boston inapereka anyamata anayi. Woyamba anali Yoán Moncada wa ku Cuba, wazaka 21, amene ambiri ankamuika pa nambala 1 mwa achinyamata onse, ndipo Boston inali itamupatsa madola 31.5 miliyoni pomusainitsa mu 2015. Wachiwiri anali Michael Kopech, wazaka 20, amene mpira wake unkapitirira makilomita 160 pa ola. Enawo anali Luis Alexander Basabe ndi Victor Diaz. Tsiku lotsatira White Sox inaperekanso Adam Eaton ku Washington n'kulandira Lucas Giolito, Reynaldo López ndi Dane Dunning, ndipo mu Julayi 2017 inapereka José Quintana kwa anansi awo a Cubs n'kulandira Eloy Jiménez ndi Dylan Cease. Pa nthawiyo olemba nkhani ambiri anayamikira Hahn, ndipo kunena zoona anali ndi chifukwa. Palibe amene akananena kuti wapusitsidwa.

Sale anafika ku Boston n'kuchita zimene anamutengera. Mu 2017 anatulutsa omenya 308 pa strikeout, kutanthauza kuti womenya walephera mwayi wake katatu n'kutuluka. Mu 2018 timu inapambana masewero 108 n'kukafika mu World Series, ndime yomaliza yolimbirana chikho, kumene inakumana ndi Los Angeles Dodgers. Pa 28 Okutobala, mu gemu yachisanu pa bwalo la Dodger Stadium, anamuitana kuti adzatseke chigawo chomaliza cha gemuyo. Anatulutsa Justin Turner, anatulutsa Enrique Hernández, kenako panabwera Manny Machado. Mpira womaliza unali wokhotera kumapazi, Machado anaphonya mpaka kugwada ndi bondo limodzi, ndipo chikho chinapita ku Boston.

Ndiye anapindula ndani?

Boston, mosakayika. Inalipira mtengo wokwera ndipo inalandira chikho.

Mbali ya Chicago ndiyo yofunika kuiona mofatsa, chifukwa sikuti anyamatawo analephera onse. Moncada anawala mu 2019, avereji yake ya kamenyedwe inali .315 (ankamenya bwino pafupifupi kamodzi pa maulendo atatu) ndi ma home run 25 (mipira yomenyedwa mpaka kudumpha mpanda), ndipo timu inamupatsa kontirakiti ya zaka 5 ya madola 70 miliyoni. Kuchokera apo anavutika ndi kuvulala, moti mu 2024 anasewera masewero 12 okha asanachoke. Kopech anang'ambika mtsempha wa m'chigongono mu Sepitembala 2018 atangoyamba kumene, sanasewere mu 2019 ndi 2020, ndipo atabwerera ankaponya mwamphamvu koma mosalunjika. Anamupereka ku Dodgers mu Julayi 2024, n'kukatenga chikho kumeneko chaka chomwecho. Basabe anasewera masewero owerengeka mu ligi yaikulu, ndipo anali atapita kale ku San Francisco. Diaz sanafikeko n'komwe.

Timu yomangidwayo inalowa mu ndime ya chipulula kawiri, mu 2020 ndi 2021. Mu 2021 inapambana masewero 93 n'kutsogola chigawo chake cha ligi. Maulendo onse awiri inatuluka pa ndime yoyamba, kwa Oakland ndi kwa Houston. Mu 2022 inathera pa 81 ndi 81, mu 2023 inagonja masewero 101 ndipo Hahn anachotsedwa ntchito mu Ogasiti, mu 2024 inagonja masewero 121, chiwerengero choipitsitsa mu ligi kuyambira 1900.

Ine sindiika mlandu wonse pa kusinthanitsa kwa Sale. Cholakwika chachikulu chinabwera pambuyo pake. Cholinga chosonkhanitsa achinyamata otsika mtengo n'chakuti ndalama zopulumutsidwazo zidzagule akatswiri nthawi ikakwana. Nthawi itakwana, White Sox sinagule munthu wa msinkhu umenewo. Kontirakiti yaikulu koposa imene timuyi inali itaperekapo pofika 2023 inali ya Andrew Benintendi, madola 75 miliyoni pa zaka 5, pamene matimu ena anali atadutsa kale pa 300 miliyoni kwa wosewera mmodzi. Ochemerera anapirira zaka zitatu za kugonja, kuphatikizapo masewero 100 mu 2018, pokhulupirira lonjezo limene mwini timu sanalikwaniritse mokwanira.

Kodi achinyamata otchukawa amadzakhaladi akatswiri?

Ena, koma ambiri ayi, ndipo kawirikawiri amene amawala si amene dzina lake linali pamutu wa nkhani. Otsutsa kusinthanitsa amakonda mfundo ya mwambi uja wakuti fodya wako ndi amene ali pamphuno, wa pachala ndi wamphepo, ndipo mbiri imawaikira kumbuyo kangapo. Minnesota inapereka Johan Santana, mwini mphotho ziwiri za Cy Young, ku New York Mets kumayambiriro kwa 2008 n'kulandira Carlos Gómez, Philip Humber, Kevin Mulvey ndi Deolis Guerra. Palibe mmodzi mwa anayiwo amene anakhala mzati wa Minnesota. Gómez anadzawala ndithu, koma ali ku Milwaukee. Detroit inapereka Justin Verlander ku Houston mu 2017, Verlander anatenga chikho patangotha miyezi iwiri ndi mphotho zina ziwiri za Cy Young pambuyo pake, pamene Franklin Pérez, amene anali mutu wa zimene Detroit inalandira, anatha ndi kuvulala asanaponyepo mu ligi yaikulu.

Nkhani ya CC Sabathia ikuonetsa momwe zinthuzi zimazembera akatswiri owerengera. Cleveland inamupereka ku Milwaukee mu Julayi 2008. Dzina lalikulu linali Matt LaPorta, amene sanapite patali. Panalinso wosewera wina amene anagwirizana kuti adzamutchula pambuyo pake, ndipo ameneyo anadzakhala Michael Brantley, yemwe anasewera ku Cleveland zaka 10 n'kusankhidwa kangapo m'gulu la All-Star.

Koma pakagwa mwayi umagwa waukulu. Mu Juni 2002 Cleveland yomweyo inapereka Bartolo Colón ku Montreal Expos n'kulandira Grady Sizemore, Cliff Lee ndi Brandon Phillips. Onse atatu anadzakhala a All-Star, ndipo Lee anatenga Cy Young mu 2008 atapambana masewero 22 n'kugonja 3. Colón anakhala ku Montreal theka la sizoni, timu sinalowe mu ndime ya chipulula. Mu 1987 Atlanta inapereka Doyle Alexander ku Detroit posinthana ndi mnyamata wazaka 20 wosadziwika, John Smoltz. Alexander anapambana masewero 9 osagonjako n'kuthandiza Detroit kutsogola chigawo chake, koma Smoltz anatha zaka 20 ku Atlanta n'kukalowa mu Hall of Fame, kaundula wolemekeza akatswiri opambana m'mbiri ya baseball, mu 2015.

Kodi ilipo timu imene inatenga chikho chifukwa chopereka katswiri wake?

Kansas City Royals. Zack Greinke anatenga Cy Young mu 2009, koma timu inali yofooka ndipo iye mwini anapempha kuti achoke. Mu Disembala 2010 anapita ku Milwaukee, ndipo Kansas City inalandira Lorenzo Cain, Alcides Escobar, Jake Odorizzi ndi Jeremy Jeffress. Cain anasankhidwa wosewera wabwino koposa pa ndime yolimbirana ukatswiri wa American League, imodzi mwa mbali ziwiri za ligi yaikulu, mu 2014, Escobar anatenga ulemu womwewo mu 2015, ndipo chaka chimenecho Royals inatenga World Series koyamba kuyambira 1985.

Chimene anthu amaiwala pofotokoza nkhaniyi ndi gawo lachiwiri. Mu Disembala 2012, patangopita zaka ziwiri, Royals inatembenuka n'kukhala yogula. Inapereka mnyamata wake wotchuka Wil Myers pamodzi ndi Odorizzi ku Tampa Bay kuti ipeze James Shields ndi Wade Davis, ndipo ambiri anaidzudzula kuti yafulumira. Davis ndiye anaponya mpira womaliza wa World Series ya 2015. Mu Julayi 2015 inaperekanso achinyamata ena kuti ipeze Johnny Cueto ndi Ben Zobrist. Kansas City inadziwa nthawi yopereka katswiri, inadziwanso nthawi yosiya kusunga ana n'kuyamba kuwagwiritsa ntchito ngati malipiro. Apa ndi pamene inasiyana ndi White Sox.

Bwanji osangomupatsa kontirakiti yaitali kuti akhale?

Chifukwa mkono wa munthu sunapangidwe kuti uziponya mpira pa makilomita 155 pa ola maulendo 100 masiku asanu aliwonse. Mtsempha wa m'chigongono umang'ambika. Opaleshoni yokonza imatchedwa Tommy John, potengera woponya amene dokotala Frank Jobe anamuchita koyamba mu 1974, ndipo munthu amatha chaka chathunthu kapena chaka ndi theka asanabwerere.

Sale yemweyo ndi umboni. Boston inamupatsa madola 145 miliyoni pa zaka 5 mu Malichi 2019. Mu Malichi 2020 anachitidwa Tommy John, kenako panabwera nthiti, chala, dzanja ndi phewa. Kuyambira 2020 mpaka 2023 anayambitsa masewero 31 okha, ntchito ya sizoni imodzi pa zaka 4. Boston inatopa, inamupereka ku Atlanta mu Disembala 2023 posinthana ndi Vaughn Grissom, n'kuwonjezerapo madola 17 miliyoni. Mu 2024 Sale, ali ndi zaka 35, anapambana masewero 18, anatulutsa omenya 225 pa strikeout, n'kutenga Cy Young yake yoyamba atavala yunifomu ya Atlanta. Palibe dokotala kapena kompyuta imene ikanalosera zonsezi.

Washington inaona mbali zonse ziwiri. Max Scherzer anasaina madola 210 miliyoni mu 2015, anatenga Cy Young kawiri ndi chikho cha 2019, ndalama zinapita pabwino. Stephen Strasburg anasaina madola 245 miliyoni atangosankhidwa wosewera wabwino koposa wa World Series yomweyo, ndipo anayambitsa masewero 8 okha thupi lisanamukanike kotheratu. Timu yolemera imatha kumeza tsoka lotere n'kupitiriza. Timu imene malipiro ake onse ndi madola 90 miliyoni ikalakwitsa kamodzi imapunduka zaka 5.

Ngati n'kupereka, nthawi yabwino ndi iti?

Msanga. Woponya amene watsala ndi zaka 2 kapena 3 amabweretsa zambiri kuposa wa miyezi iwiri, chifukwa wogula amamugwiritsa ntchito mu Okutobala kangapo. Tsiku lomaliza losinthanitsa pakati pa sizoni limagwa kumapeto kwa Julayi kapena kumayambiriro kwa Ogasiti, ndipo pamenepo ogula amakhala ndi phuma, zimene zimakweza mtengo. Komabe kudikira Julayi n'kuika zonse pa chigongono chimene chingaduke mu Meyi.

Choipitsitsa ndi kuzengereza. Los Angeles Angels inali ndi Shohei Ohtani, woponya komanso womenya, ndipo aliyense ankadziwa kuti kontirakiti yake ikutha kumapeto kwa 2023. Sinamupereke mu 2022 pamene mtengo wake unali kumwamba, sinamange timu yokwanira kumuzungulira, ndipo mu Julayi 2023 inaperekanso achinyamata ake kuti igule othandiza. Mu Ogasiti timu inagwa, chigongono cha Ohtani chinang'ambika, sizoni inathera pa 73 ndi 89. Mu Disembala anasaina madola 700 miliyoni ndi Dodgers, m'dera lomwelo, ndipo Angels inatsala ndi mwayi umodzi wowonjezera posankha osewera.

Nanga kugula katswiri wa miyezi iwiri yokha, si kutaya ana pachabe?

Funsani anthu a ku Milwaukee za Sabathia. Anafika mu Julayi 2008, anapambana masewero 11 n'kugonja 2, ndipo masewero 7 anawaponya yekha kuyambira chigawo choyamba mpaka chomaliza. Kumapeto kwa Sepitembala anavomera kuponya katatu motsatizana atapuma masiku 3 okha m'malo mwa 4, akudziwa kuti akuika pachiswe mkono umene unali pafupi kumupezera chuma. Pa tsiku lomaliza la sizoni anaponya gemu yonse polimbana ndi Cubs, Milwaukee inapambana 3-1 n'kulowa mu ndime ya chipulula koyamba kuyambira 1982. Anatuluka msanga kwa Philadelphia, ndipo Sabathia anapita ku New York Yankees pa madola 161 miliyoni. Pa pepala Milwaukee inataya zaka 10 za Brantley. Kwa mzinda umene unadikira zaka 26, ndikuona kuti mtengowo unali woyenera.

Kodi wosewerayo angakane kupita?

Ambiri sangakane. Amene watha zaka 10 mu ligi yaikulu, 5 zomalizira ali pa timu imodzi, ali ndi ufulu wokana, ndipo akatswiri ena amalembetsa ufuluwu mu kontirakiti. Verlander anavomera kupita ku Houston mphindi zomalizira usiku wa pa 31 Ogasiti 2017. Eduardo Rodríguez anakana kuchoka ku Detroit kupita ku Dodgers mu 2023 ndipo zonse zinathera pomwepo. Achinyamata aja alibe mawu. Mnyamata amaitanidwa mu ofesi ya kochi, nthawi zina gemu ili mkati, n'kuuzidwa kuti alongedze, mawa akagona mumzinda wina.

Kodi maganizo a ochemerera ali ndi malo pa nkhaniyi?

Ayenera kukhala nawo, ndipo zimandiwawa kuti owerengera ambiri amawaika pambali ngati chinthu chachibwana. Ku Seattle, tsiku limene Hernández ankaponya, chigawo china cha bwalo chinkadzaza anthu ovala malaya achikasu atanyamula zikwangwani za chilembo K, chizindikiro cha strikeout, akuimirira womenya akangotsala ndi mwayi umodzi. Timu inali yofooka, koma kamodzi pa masiku asanu panali chifukwa chopitira ku bwalo. Pa 15 Ogasiti 2012 anthu amenewo anaona Hernández akutulutsa omenya onse 27 a Tampa Bay popanda ndi mmodzi yemwe wofika pa base yoyamba, malo oyamba amene womenya amathamangirako. Seattle ikanamupereka mu 2010, mwina ikanapeza anyamata abwino, mwinanso ayi, koma tsiku limenelo likanachitikira kwina.

Palinso kuipa kumene kumabwera timu ikazolowera kupereka. Montreal inapereka Pedro Martínez ku Boston mu Novembala 1997, atangolandira kumene Cy Young, posinthana ndi Carl Pavano ndi Tony Armas Jr., chifukwa sikanatha kumulipira. Anali mmodzi mwa akatswiri angapo amene anachoka m'zaka zimenezo. Anthu anasiya kubwera ku bwalo, ndipo mu 2005 timu inasamukira ku Washington. Zifukwa zinali zambiri, koma mwana amene wagulidwa jezi ya wosewera katatu, katatu konse wosewerayo n'kuchoka, safunanso yachinayi.

Inuyo mukuti timu ichite chiyani?

Iyambe yayang'ana kalendala moona mtima. Ngati ingathe kupikisana kontirakiti ya katswiriyo isanathe, amusunge ndi kumugulira anzake. Kuyambira 2022 matimu 12 mwa 30 amalowa mu ndime ya chipulula, ndipo Arizona inakafika mu World Series ya 2023 itapambana masewero 84 okha. Khomo ndi lotakata kuposa kale, choncho matimu ambiri amene amadzitcha ofooka sali kutali monga amanenera.

Ngati zaka ziwiri zikubwerazo zilibe chiyembekezo chenicheni, amupereke msanga, ndipo afune anyamata angapo, makamaka omenya ndi amene afika kale ku Double-A kapena Triple-A, chifukwa woponya wazaka 19 ali ndi njira yaitali yoti avulalirepo. Milwaukee inachita motero ndi Corbin Burnes mu Febuluwale 2024: inamupereka ku Baltimore atatsala ndi chaka chimodzi, inalandira Joey Ortiz ndi DL Hall amene anali okonzeka kusewera nthawi yomweyo, ndipo inatsogolabe chigawo chake ndi zipambano 93.

Koma funso limene ndimaliika patsogolo pa onse ndi la mwini timu. Ndalama zimene zapulumutsidwa zipita kuti? Ngati mbiri yake ikuonetsa kuti amatsegula thumba nthawi ikafika, ochemerera angapirire. Ngati amapereka katswiri aliyense akangoyandikira malipiro aakulu, ndiye mawu oti tikumanganso angokhala chophimba cha umbombo. Pittsburgh inapereka Gerrit Cole ku Houston mu Januwale 2018 atatsala ndi zaka 2, ndipo miyezi 6 yokha itadutsa inapereka Tyler Glasnow, Austin Meadows ndi Shane Baz kuti ipeze Chris Archer. Inagulitsa motchipa, inagula modula, ndipo ochemerera ake ndi amene analipira.

White Sox inachitanso zomwezo ndi Garrett Crochet. Kodi ulendo uno n'zosiyana?

Zofanana n'zambiri. Mu Disembala 2024 inapereka wamanzere wina wamtali ku Boston yomweyo posinthana ndi anyamata anayi: Kyle Teel, Braden Montgomery, Chase Meidroth ndi Wikelman González. Crochet anali ndi zaka 25, anali atatulutsa omenya 209 pa strikeout mu 2024, ndipo anali atatsala ndi zaka 2.

Pa kalendala, chisankhochi n'chosavuta kuchiteteza kuposa cha Sale. Timu ya 2016 inali ndi zipambano 78 ndi zaka 3 za katswiri wotsika mtengo, ikanatha kuyesa kuwonjezera. Timu ya 2024 inapambana masewero 41 okha, ndipo palibe woponya amene akanaikweza pa zaka ziwiri. Crochet anali atachitidwa kale Tommy John mu 2022, choncho kudikira kunali ndi ngozi yake. Atatu mwa anayi amene analandiridwa ndi omenya, ndipo Teel ndi Meidroth analowa mu ligi yaikulu mu 2025.

Chimene chimandiletsa kuombera m'manja n'chakuti munthu wazaka 25 akanatha kukhalapobe pamene timu yatsopanoyo ikukhwima, akanapatsidwa kontirakiti. Boston inamupatsa sizoni ya 2025 itangoyamba: zaka 6, madola 170 miliyoni, kuposa kuwirikiza kawiri ndalama zimene White Sox inapatsa Benintendi.